Msodzi wa ku Chanyanya amene ndinamuyendera kawiri

Maphunziro a ntchito yothandiza anthu ovutika, imene kuno timangoti ya welofeya, ndinawayamba imvi zitandichenjeza kale kuti ndikhale pansi. Atate anachoka ku Katete kudzagwira ntchito ya njanji kuno ku Kafue, ndipo chuma chimene anandisiyira ndi matenda owerenga chilichonse: nyuzipepala yokulungira tinsomba ta kapenta, kapepala ka m'bokosi la mankhwala, ngakhale malamulo a njanji amene sanali kundikhudza. Sukulu ndinaisiyira panjira. Digiri ndinaipeza mochedwa, ya pa kalata, ndikuwerengera kuseri kwa mashelefu m'sitolo ya zitsulo m'mene ndinkagwira ntchito. Itatha, m'malo mopuma ngati munthu wanzeru, ndinalembetsanso dipuloma ya pamwamba pake. Mkazi wanga anangoti, "A pulofesa, mukamaliza mutiuze, tiyambe kukuopani."

Makalasi anali ku Lusaka Loweruka lililonse, ndipo mabuku sanandivute. Kunena zoona ndinkawamva mopitirira muyeso, moti aphunzitsi, amene ndinali kuwaposa zaka, anayamba kuyang'ana pa windo ndikakweza dzanja. Chimene chinandizunguza mutu ndi atachimenti, miyezi ija wophunzira amatumizidwa ku ofesi yeniyeni kukagwira anthu enieni.

Ine ananditumiza pa Boma pompano. Wondiyang'anira anali mayi wachichepere, msinkhu wa mwana wanga woyamba. Ndinkawatcha Madamu, iwo nkumanditcha ba tata, ndipo m'mawa uliwonse tinkagundana pa moni posadziwa woyenera kuyamba ndani.

Tsiku lina Lolemba anandiikira fayilo patsogolo.

"Ba tata, uyu muntu ni wa ku Chanyanya. Enze wogwila nsomba. Kwanja kunafa na sitroko, sangapalase bwato. Mukazi anamwalila, bana bali kutali. Pa Chisanu komiti isankha bantu bolowa pa thandizo, ndipo malo ni yang'ono. Muyende mukaone, mulembe lipoti. Vamene muzalemba ndiye vamene bazakonka."

Ndinagwedeza mutu ngati dokotala.

"Koma mulembe vamene mwaona na maso yanu. Osati vamene munabelenga."

Apo ndinaseka, poyesa kuti ndi nthabwala.

Buku lathu linkanena momveka kuti munthu wovutika ndi munthu ndithu, sumugwera pakhomo mwadzidzidzi, umamuuza tsiku ndi nthawi. Mu fayilo munali nambala ya mayi wina woyandikana naye, wogulitsa nsomba zouma, amene ndiye anabweretsa dzina lake ku ofesi. Ndinawaimbira, nkuwauza kuti mawa teni awazi ndifika. Ndinagona ndikudzitama kuti ndachita zinthu mwa ulemu.

Lachiwiri ndinakwera kagalimoto ka amalonda a nsomba, ndili pakati pa madengu, tayi pakhosi. Nyumba ya msodzi inali ya dothi, udzu wa padenga utada, koma bwalo linali losesedwa mpaka mizere ya tsache kuoneka. Pansi pa mtengo panali mpando wa khushoni, tebulo lovala nsalu yoluka, ndi wailesi ikuimba nyimbo za kwaya. Mwini nyumba anandilandira atavala jekete, dzanja lakufa lija ataliika m'thumba ngati munthu wojambulitsa chithunzi. Ine anandikhazika pa mpando, iye nkukhala pa kabenchi.

Ndinatulutsa fomu.

"Mumadya kangati pa siku, ba mudala?"

"Ah, bwana, tidya. Mulungu ni wabwino."

"Mugona pa chani?"

Anadzuka nkukakankha chitseko ndi phazi. M'katimo munali matiresi ndi bulangeti la maluwa.

"Nanga vovuta?"

"Vovuta vili na bantu bonse, bwana. Naimwe muli navo."

Izi zinali zoona, ndipo ndinatsala pang'ono kuyamba kumuuza zanga. Posakhalitsa mayi wa nsomba uja anabwera ndi madzi osamba m'manja, nshima, ndi mlamba wouma m'mbale zoyera za maluwa m'mphepete. Buku linati osalandira kanthu kwa munthu amene ukumuthandiza. Atate ankati ukakana chakudya pakhomo pa munthu wamunena kuti ndi mfiti. Ndikadali kuyesa kuyanjanitsa buku ndi atate, ndinapeza mlamba watha theka.

Lipoti ndinalilemba Lachitatu m'mawa, masamba anayi, Chizungu choyenda bwino. Ndinatchula mpando, tebulo, wailesi, matiresi, mbale, ndi ndiwo. Kumapeto ndinalemba kuti munthuyu ndi wolumala ndithu, koma poona za pakhomo pake sali m'gulu la ovutikitsitsa, malo ake angapite kwa wina. Madamu anali atapita ku msonkhano, choncho ndinalisiya pa tebulo lawo.

Masana omwewo ndinapeza mkazi wanga pakhonde akutola timiyala mu nyemba. Dzina la munthu sindinatchule, za chinsinsi tinaphunzira. Ndinangotama mlamba, nkuwonjeza kuti anthu ena amalembetsa kuti ndi osauka pamene akukhalira mipando ya khushoni.

"Munatuma mawu kuti mukubwera?" anafunsa osadzutsa mutu.

"Mwa ulemu. Dzulo lake."

Anaika lichero pansi.

"Imwe, tsiku lija akwanu anabwera kudzandifunsira, munakhala pa mpando wa ndani?"

"Wa atate anu."

"Atate anga anali ndi mpando wa masipuling'i? Unali wa a foromani a pa njanji. Makapu anali a mayi busa. Nkhuku munadya ija mwini wake anaiperekeza ndi maso mpaka pakhomo pathu. Zaka zonsezi mumayesa munakwatira kwa olemera?"

Chondipweteka n'chakuti zimenezi ndinkazidziwa. Ineyo ndili mwana ndinasenzapo tebulo lathu pamutu kupita nalo nyumba yachitatu, chifukwa kunali kubwera alendo a ku Ndola. Mu komboni ya njanji mlendo akamveka, nyumba zonse za mzere umenewo zinkapereka kanthu, mlendo akachoka katundu nkubwerera kwawo. Koma nditavala tayi ndi kugwira fomu, zonsezo zinatuluka m'mutu ngati ndinakulira kunja. Ndinali nditalemba chuma cha mudzi wonse pa dzina la munthu mmodzi, ndipo mawa lake linali Lachinayi.

Ndinafika pa Boma asanatsegule. Madamu anali atawerenga kale lipoti pa minibasi.

"Yalembeka bwino, ba tata. Nenze monga nibelenga nkani."

"Nifuna kuichosa, Madamu."

"Ndaba?" anafunsa, kufuna kumva chifukwa chake.

Ndinafotokoza za mpando, za nkhuku, za a foromani. Anamvetsera mpaka kumapeto, akudziletsa kuseka.

"Manje ivi munaviona imwe, olo ni ba mayi ku nyumba banaona?"

Ndinavomera kuti anaona ndi mkazi wanga.

"Ba mayi ku nyumba si ba welofeya. Bwelelani lelo. Osatuma foni."

"Koma buku ikamba kuti..."

"Buku siizankala mu komiti mailo pa Chisanu."

Ndinabwereranso, opanda tayi. Pansi pa mtengo paja panali mthunzi wokha. Msodzi anali atakhala pa bwato lake lovundikirika m'mbali mwa khoma, udzu utamera kulizungulira. Anavala vesiti yong'ambika, dzanja lakufa lili pa miyendo, ndipo ndi dzanja linalo anali kusonkhezera timitengo pansi pa kampoto. M'kampotomo munali chibwabwa, masamba a maungu, m'madzi okhaokha. Chitseko chinali chotsegula: mphasa ndi thumba lakale.

Atandiona anaimirira mofulumira, nkuyamba kuyang'ana uku ndi uku, kufuna pondikhazika. Panalibe. Anayang'ananso kachiwiri malo omwewo. Pa zonse za tsikulo, kuyang'ana kumeneko ndiko ndimakukumbukira kwambiri.

"Mwanibwelela monga kapokola, bwana," anatero, kundifanizira ndi wapolisi.

Ndinapepesa, nkukhala pa mapeto ena a bwato. Ndinamuuza mosabisa kuti lipoti la Lachiwiri likapita momwe liliri, dzina lake silidutsa, koma ndikalemba za lero mwina lidutsa.

"Azabelenga ndani?"

"Ba komiti."

"Mu komiti muli muntu wa kuno. Ndine ninamupunzisa kuponya ukonde, enze kugwela mu manzi monga saka ya chimanga. Manje ankale pa Boma amvele kuti nidya chibwabwa chilibe mchele? Awe. Lembani va pa Chibili. Ija ndiye nyumba yanga."

"Yanu iti, ba neba?"

Anali mayi wa nsomba, akubwera chothamanga, mamba m'manja. Wina anali atawauza kuti wa Boma wabweranso.

"Mupando ni wa ba dikoni, wailesi ni ya uja wokonza njinga, matilesi ni yanga. Ine ninagona pa mpasa na musana uyu! Bwana, lembani va lelo."

"Imwe amai, nyumba ni yanu?" anatero msodzi.

"Njala yeve ni yanga, ndaba ndine nimagaba mbale yanga pabili!"

Ndinafunsa chimene chinali kundizunguza. "Amai, si ndimwe munapeleka zina ku ofesi? Manje munabwelekelanji vintu?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa chifukwa chake mtsinje uli ndi madzi.

"Mulendo wa ku Boma ankale pa bwato? Naise tili na nsoni. Nenze kuganiza muli na maso, muzaona mweka. Mupando wa so pa nyumba ya so? Si ndimwe bantu bopunzila?"

Ndinavomera kuti ndine wophunzira.

Awiriwo anapitiriza kukangana pamwamba pa mutu wanga, ine fomu ili pa bondo. Buku linati munthu ali ndi ufulu wosankha za moyo wake, ndipo iye anali atasankha. Madamu anati ndilembe zimene ndaona, koma ndinali nditaona nyumba ziwiri pa malo amodzi. Mayi wa nsomba nayenso anali ndi mbale yake yogawika pawiri, ndipo za iye fomu inalibe pomulemba. Ndinafufuza m'mutu mutu wa buku umene ungandiuze womvera, sindinaupeze.

Pamapeto msodzi anatopa. Ananyamula dzanja lakufa ndi linzake, nkuligwetsera pa bondo langa. Linali lolemera ndi lozizira.

"Lembani kwanja. Kwanja bonse baona. Va mu poto siyani."

Ndinalonjeza.

Lipoti lachiwiri linali tsamba limodzi. Ndinalemba dzanja, ndinalemba bwato ndi udzu wake, ndinalemba mzere umodzi woti katundu wa Lachiwiri anali wa anansi. Bokosi lofunsa za chakudya ndinalisiya lopanda kanthu. Madamu anaika chala pamenepo.

"Apa?"

"Ninalonjeza, Madamu."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Mu komiti muzayanka mweka."

Lachisanu tinakhala m'chipinda cha misonkhano, ine kumbuyo pafupi ndi chitseko, poyenera wophunzira. Maina anali ambiri, ndipo lililonse linali ndi nkhani yoti ukaimva umaiwala lapitalo. Atafika pa msodzi, wapampando anatembenuza pepala kufuna tsamba lachiwiri, nkupeza palibe.

"Wolemba uyu ali kuti? Pa vakudya simunalembe. Muntu uyu adya olo sadya?"

Ndinaimirira. Munthu wa ku Chanyanya uja ndinamuzindikira ndi khungu lake lopsa ndi dzuwa la pa mtsinje, anali kuyang'ana cholembera chake. Za mu poto ndinalonjeza kusalemba. Kaya lonjezo limenelo linkafika mpaka pakamwa, sindinadziwe. Ndinafuna njira yodutsa pakati, ndipo ndinaganiza kuti ndaipeza.

"Ninayendako kabili," ndinatero. "Siku yoyamba ninadya. Siku yachibili panalibe chonipasa."

Munthu wa ku Chanyanya uja anakweza mutu. Wapampando analemba kanthu, dzina linadutsa. Ndinakhala pansi ndikumva ngati ndalankhula mwanzeru koposa tsiku lililonse la moyo wanga: poto sindinamutchule, ndipo munthu wapeza thandizo.

Lolemba lotsatira mayi wa nsomba anandiimbira. Anathokoza kwambiri, anati Mulungu andidalitse pamodzi ndi ana anga. Kenaka mawu anatsika.

"Koma ba neba bakamba ati musabwelenso. Ati batume uja mukazi mung'ono."

"Nalakwa chani? Va mu poto sininakambe."

"Bwana, chibwabwa aliyense amadya. Imwe munakamba pa Boma, pa bantu, kuti mulendo anafika pa nyumba pao, anachoka osadya kantu. Pa doko ponse yamveka."

Ndinagwira foni kukhutu ngakhale atadula kale. Ndinafunsa Madamu ngati ndipite kukapepesa. Anati munthu wanena kuti musapite, si paja buku lanu limati ali ndi ufulu wosankha? Sindinadziwe ngati akundiseka kapena akundiphunzitsa, mwina zonse. Pa pepala la atachimenti anandilembera kuti ndapambana, nkuwonjeza pansi pake kuti wophunzirayu amamvetsera bwino koma mochedwa.

Mwezi wotsatira Madamu anapita okha ku Chanyanya. Atabwerako ndinadikira mpaka atavula nsapato za fumbi, ndiye ndinafunsa. Anati msodzi thandizo akulandira, masaya ayamba kubwerera, ndipo wagula tinkhuku tiwiri. Ndinafunsa ngati ananenapo kanthu za ine.

"Awe, ba tata," anatero Madamu, akutsegula fayilo ina. "Sananifunse."