Amalume Anga a Mkucha ndi Makina Odya Nsalu

Amalume anga amakonza makina osokera, ndipo mumsewu wathu wonse amadziwika kuti a Mkucha. Dzinali linachokera pakamwa pawo pomwe. Munthu akabweretsa makina, kaya aduka lamba, kaya angofuna dontho la mafuta, iwo amawayang'ana ngati dokotala amene waona zoopsa, kupukusa mutu, n'kunena kuti, "Asiyeni. Mubwere mkucha." Akhala akunena mawu amenewa kwa zaka 31.

Ine ndimagulitsa ulusi, singano, zipi ndi mabatani m'shopu ya amayi anga, omwe ndi mlongo wawo wamng'ono. Shopuyo ndi ya mamita asanu m'litali, atatu m'lifupi. Benchi ya amalume ili kumapeto, pansi pa windo, ndipo imatenga mita imodzi ndi theka. Ndinayeza ndekha. Pabenchipo pamakhala chitini cha masikuluwu, kabotolo ka mafuta, mswachi wakale, ndi chinsalu chabuluu chophimbira makina.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti chinsalucho n'choteteza fumbi. Nditayamba kukhala m'shopu tsiku lonse ndi pomwe ndinaona ntchito yake. Mwini makina akangotuluka, amalume ankavundukula, kugwiragwira pang'ono, ndipo mphindi zinayi zisanathe makina ankakhala akulira bwinobwino. Kenako ankawaphimbanso n'kutenga nyuzi ya sabata yatha.

"Amalume, osangomuitana bwanji? Sanafike n'komwe pakona."

"Abwana aang'ono," amatero akafuna kundinyoza, "munthu ukamukonzera makina m'mphindi zinayi amati wamubera. Ukawasunga masiku awiri amakutcha katswiri."

Ntchitoyi anaiphunzira kufakitale yosoka mayunifolomu, komwe analowa ngati wosesa. Makaniko wa kumeneko anali munthu woumira nzeru. Akamakonza makina ankatembenuka n'kupereka msana kwa aliyense. Amalume anaphunzira posesa pafupi ndi windo, akuonera manja a munthuyo pagalasi. Zinawatengera zaka zinayi. Fakitale itatsekedwa anatuluka ndi sikuludiraiva imodzi komanso chikhulupiriro chakuti nzeru imene wavutikira siiperekedwa kwa munthu wongodutsa. Ngakhale kunyumba kwawo lamulo linali lomwelo. Makina a akazi awo anasiya kusoka zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, ndipo akafunsa ankauzidwa kuti mkucha.

Chaka chatha ntchito inachepa. Sabata ina kunkabwera makina awiri, sabata ina amodzi, sabata ina nyuzi yokha. Atelala achinyamata makina awo akavuta ankayamba afunsa foni. Nthawi yomweyo siteji ya basi inasamukira pafupi ndi khomo lathu, ndipo amayi anayamba kuyang'ana anthu aludzu omwe ankaima panja, kenako n'kuyang'ana benchi.

"Achimwene, malo awa ndikuwafuna. Pakatha miyezi itatu zinthu zili chomwechi, pano pabwera firiji ya zakumwa."

"Firijiyo idzakonza makina?"

"Ayi. Koma siidzawerenga nyuzi."

Amalume anaseka, koma tsiku limenelo nyuzi anaigwira osatembenuza tsamba. Ndinadziwa kuti akachoka pabenchipo alibe kwina kopita. Kunyumba akazi awo anali ataneneratu kuti sakufuna chitini cha masikuluwu pabalaza.

Ine ndinali nditatsegula kale bulogu ya shopu, tsamba la pa intaneti pomwe umalembapo nkhani za malonda ako. Masewera ake ndi osavuta kuwamva. Munthu amalemba chomwe akufuna m'bokosi lofufuzira, ndipo limamubweretsera mndandanda wa masamba, khumi pa ulendo umodzi. Aliyense amatsegula apamwambawo. Kumunsi kumafika anthu osochera okha. Ndinaganiza kuti ndikaika amalume pamwamba, benchi ipulumuka.

Ndinali nditamva kuti chinsinsi ndi kubwereza mawu. Ndiye ndinalemba nkhani ya mawu 300, ndipo mmenemo ndinathiramo "ntchito zapamwamba zokonza makina osokera" maulendo 23. Ndinawerenga bwino. Patatha masabata atatu tinali pa nambala 68. Anthu omwe anatsegula nkhaniyo anali asanu ndi anayi. Asanu ndi mmodzi mwa iwo ndinali ine, ndipo mmodzi anali amayi, atadina mwangozi.

Ndinawawerengera amalume mokweza, mwina ndimve chomwe chalakwika. Ndisanafike pakati anatsitsa magalasi.

"Walemba munthu kapena chinkhwe?"

"Ndi mmene amalembera, amalume."

"Ndani amalankhula chonchi? Zaka zonsezi sanabwerepo munthu pano n'kunena kuti akufuna ntchito zapamwamba. Amati, makina anga akudya nsalu. Ulusi ukungoduka. Akudumpha. Pansi pakupanga chisa. Wina amangoti akulira ngati chigayo."

Ndinaima ndi mtolo wa zipi m'manja. Kenako ndinatenga foni n'kulemba m'bokosi lofufuzira kuti "makina osokera aku", ndipo ndisanamalize, bokosilo linandimalizira lokha: "akudya nsalu". Ndinayesa "ulusi", linandipatsa "ukuduka". Anthu amafunsa foni ndi mawu omwewo amene amadandaulira pabenchi. Ine ndinataya masabata atatu ndikusaka mawu, pomwe munthu amene anawasunga m'mutu kwa zaka 31 anakhala mamita atatu kuchokera pomwe ndimaima. Tsiku lomwelo ndinang'amba katoni ya mabatani n'kulembapo madandaulo onse omwe anakumbukira. Anakwana 17. Dandaulo lililonse linali mutu wa nkhani.

Vuto linali mayankho.

"Ufuna ndiuze dziko lonse mmene amakonzera? Ulere?"

"Munthu akafunsa funso amafuna yankho, amalume."

"Yankho lake ndine. Lemba kuti abwere kuno."

Tinagwirizana za theka. Nkhani iliyonse inkafotokoza vutolo bwinobwino, n'kufika pomwe munthu akuyembekezera chochita, kenako n'kunena kuti "pitani nawo kwa katswiri". Tinakwera kufika pa nambala 31, ndipo tinakakamira pamenepo ngati zipi yadzimbiri. Ndinayang'ana manambala a bulogu: munthu ankakhala pankhani yathu masekondi 11 n'kubwerera kukatsegula ya wina. Ndinawauza amalume kuti ndikuganiza kuti chofufuziracho chimaona zimenezi, munthu kubwera ndi funso n'kubwerera nalo.

"Ndiye m'fonimo muli kalaliki amene amationerera?"

"Tingatero."

"Kalalikiyo sanagwirepo sikuludiraiva."

Patatsala masabata asanu ndi awiri, amayi anatenga choko cha atelala n'kujambula pansi mozungulira benchi, kuyeza ngati firiji ingakwane. Anangolemba manambala awiri pasimenti, pafupi ndi phazi la mpando wa amalume. M'mawa mwake amalume anafika, anayang'ana mizereyo nthawi yaitali, ndipo anakhala pansi mosamala ngati akuopa kuiponda. Kenako anatenga chinsalu chabuluu, anachipinda kanayi, n'kuchiika pansi pa chitini.

"Tsegula foni yakoyo. Ine ndizilankhula, iwe uzilemba. Usakongoletse."

Nkhani yoyamba inali ya makina odya nsalu, ndipo inayamba motere: "Makina anu sanalodzedwe. Singano yabuntha, ndipo inu mukudziwa kuti simunaisinthe kuyambira ukwati wa mng'ono wanu. Sinthani. Musayambire kusoka m'mphepete penipeni mwa nsalu, lowani pang'ono, ndipo gwirani ulusi wonse uwiri kumbuyo poyamba. Zikapitirira, masulani kambale kachitsulo kali pansi pa singano. Mupezamo fumbi la nsalu lokwana pilo. Lichotseni ndi mswachi, osati wa amuna anu umene akugwiritsabe ntchito."

Ndinafuna kuchotsa za ukwati ndi za mswachi. Anakana. Ine ntchito yanga inali kuika dandaulo lenilenilo pamutu, kudula nkhani m'magawo aafupi oti munthu awerenge ndi dzanja limodzi lili pamakina, kujambula manja awo pa sitepe iliyonse, ndi kulemba pansi pomwe tili ndi nthawi yomwe timatsegula. Kumapeto amalume anawonjezera chenjezo: "Koma mukamva kugogoda m'kati, kapena singano ikamenya chitsulo, musatsegule kunsi kwa makina. Kumeneko si kwanu."

Tinalemba nkhani zisanu ndi imodzi m'masabata atatu. Ya makina odya nsalu inachoka pa 31 kufika pa 12, kenako pa 5, kenako pa 2. Anthu ankakhalapo mphindi zitatu ndi masekondi 40. Sabata imodzi inawerengedwa ndi anthu 412. Ndinkadzuka n'kuyang'ana nambala ndisanasukusule.

Makina omwe anabwera pabenchi m'masabata awiri otsatira: palibe.

Choipa kwambiri chinachitika Lachitatu. Telala wa pakona, amene ankabweretsa makina ake mwezi uliwonse mosaphonya, anasuzumira pakhomo akumwetulira.

"A Mkucha, zikomo kwambiri. Ndawerenga zija. Ndakonza ndekha, ndipo sizinanditengere n'komwe nthawi."

Anagula singano kwa ine n'kumapita. Singano zinkayenda kwambiri masiku amenewo, mapaketi 38 pa sabata m'malo mwa khumi, ndipo amalume ankaona paketi iliyonse ikutuluka. Anasiya kundilankhula. Ankadzera mwa amayi, ine ndili pomwepo.

"Mlongo, muuze mwana wako kuti wandivula pamsika kuti iye agulitse singano."

"Achimwene, ali apa, muuzeni nokha."

"Sindilankhula ndi akalaliki."

Zinandipweteka chifukwa masamu anga sanali kukana. Mizere ya choko inali itafufutika, amayi anaijambulanso. Ndinayamba kuganiza kuti mwina makaniko wa kufakitale uja ankadziwa chomwe ankachita ndi msana wake.

Patatsala masabata awiri, takisi inaima pakhomo. Munatuluka mayi wina atanyamula mutu wa makina ngati khanda, ndipo m'dzanja lina anali ndi sokosi yolemera, yomangidwa kukamwa. Anaikhuthula pabenchi. Munatuluka masikuluwu, masipiring'i awiri ndi kachitsulo kopindika.

"Ndinu aja munalemba kuti tisatsegule kunsi?"

"Ndine."

"Ndinatsegula."

"Chifukwa chiyani, mayi?"

"Zina zonse zomwe munanena zinatheka. Ndiye ndinafuna kuona chomwe mukuletsacho."

Amalume anayang'ana sokosiyo, anandiyang'ana ine kwa nthawi yoyamba m'masiku asanu, n'kupukusa mutu mwa udokotala wawo wonse. "Asiyeni. Mubwere mkucha."

Mayiyo anali woyamba chabe. Kunabwera mphunzitsi wa zosokasoka ndi makina atatu a kusukulu kwake. Kunabwera bambo wina wosoka mipando ya galimoto, zidutswa zake zili m'chitini cha mkaka. Ena sanatsegule, anangomva kugogoda n'kukumbukira chenjezo. Mmodzi ananena kuti wadutsa okonza makina awiri panjira, koma anafuna munthu amene anamunyoza za singano, chifukwa munthu wonyoza chonchi sanganame. Zing'onozing'ono anthu ankakonza okha. Zomwe zinkafika pabenchi zinali ntchito zenizeni, za ola limodzi kapena theka la tsiku, ndipo ndinaona amalume akutuluka thukuta pa makina kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga. Koma lamulo silinasinthe. Makina aliwonse, atha kapena sanathe, ankagona masiku awiri.

Tsiku lomaliza la miyezi itatu amayi analowa ndi tepi yoyezera. Sanafike pabenchi. Pansi ponse, kuyambira pa shelefu ya ulusi mpaka pa windo, panali makina. Ndinali nditawawerenga: 14. Mizere ya choko sinkaoneka. Amayi anayesa kudutsa chammbali n'kugunda msongolo pa chitsulo cha makina a mipando ya galimoto. Anakhala pa katoni, akusisita mwendo.

"Achimwene, mwa makina onsewa, atha kale ndi angati?"

Amalume anayamba kufunafuna kanthu m'chitini.

Amayi anatembenukira kwa ine. "Iwe, ndi angati?"

"Asanu ndi anayi, amayi."

"Mwana uyu alibe mwambo," anatero amalume, akulankhula ndi chitini.

Amayi anapinda tepi yawo. "Benchi ikhala. Koma shopu yanga si chipatala chogonekera anthu ochira. Makina akatha, mwini wake azibwera mawa lake."

"Mawa? Anthu aziti ndine wokonza maambulera."

"Osankha ndinu. Mawa kapena firiji."

Anasankha mawa. Amawatchula mawuwo ngati munthu amene akumeza mankhwala owawa, ndipo anthu akuwatchulabe a Mkucha. Firiji inabwerabe, yaing'ono, ndipo amayi anaiika pafupi ndi khomo. Inatenga theka la mita pamalo anga a zipi. Palibe anandijambulira choko, ndinangopeza ili pamenepo.

Tsopano tafika pa dandaulo la nambala 13 pa katoni ija. Amalume amafika m'mawa, kupachika jekete, n'kufunsa asanakhale pansi.

"Kalaliki uja watiika pati lero?"

"Pa 2."

"Pamwambapo pali ndani?"

"Shopu ina yaikulu yogulitsa makina atsopano."

"Tawerenga zomwe alembazo ndimve." Ndikawerenga amamvetsera atatsinzina, kenako amati, "Sananene za ulusi wakumbuyo. Onjezera chithunzi china pa yathu." Ndikukhulupirira kuti tiwapitirira chaka chisanathe.

Sabata yatha pansi pa nkhani ya ulusi woduka panabwera ndemanga yatsopano. Ndinawawerengera pamaso pa amayi ndi makasitomala awiri. Inali ya akazi awo. Analemba kuti, "Zikomo a katswiri. Makina anga anakhala zaka zisanu ndi chimodzi akudikira mkucha. Lero ndatsatira zomwe mwalembazi ndipo akusoka. Zanditengera mphindi zinayi."

Amalume anandiuza kuti ndiifufute. Ndawauza kuti ndifufuta mkucha.