Nyerere pa Mkodzo wa Hatchi

Ine hatchi sindinkaidziwa. Ndinakulira pa famu ya fodya cha ku msewu wa ku Shamva, ndipo chomwe ndinkadziwa ndi ng'ombe basi. Famu itagawidwa zaka zija, ife a makolo ochokera ku Malawi tinalibe mudzi wothawirako. Tinakadzipanikiza ku Chiwaridzo, lokeshoni ya mu Bindura, m'chipinda cha achibale, ine, mkazi wanga ndi amayi anga odwala. Ndiye nditamva kuti bwana wina wa ku mgodi akufuna wosamala hatchi yake, ndipo ntchitoyo ili ndi nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa khola, ndinanama. Ndinati mahatchi ndinakula nawo.

Inali yaikazi, yofiirira, ndipo inkandida. Ndikangoyandikira, makutu kumbuyo. Madala wina amene ankathirira maluwa pa bwanapo anandiuza kuti, “Bhiza amainyengerera ndi shuga, mfana.” Bhiza ndiye hatchi m'Chishona. Shuga nthawi imeneyo ankasowa m'sitolo zonse za mu Bindura, koma ndinkatapa pang'ono m'kachitini ka mkazi wanga, n'kuika m'thumba. Sabata ziwiri zokha, hatchi ija inayamba kunditsata ngati galu.

Tsiku lina m'mawa inakodza ndili pafupi, ndiye ndinayang'anitsitsa. Mkodzo wa ng'ombe ndimaudziwa, umakhala ngati madzi. Uwu unali mbuu ngati maheu, ndipo chakumapeto unkananda ngati therere.

Tsono amayi anga ali ndi matenda a shuga. Pa famu paja tinadziwira nyerere. Pamene akodza, nyerere mbwee, ndipo aliyense pa komboni ankadziwa kuti zikatero ndi shuga. Ndinanjuta pakholapo n'kumadikira. Sipanatenge nthawi, nyerere zinabwera, mzere wautali.

Ndinakamuuza mkazi wanga.

“Ndiye shuga wanga ankathera ku bhiza? Ine n'kumakayikira amayi anu!”

“Tsitsako mawu. Ndaidwalitsa hatchi ya eni.”

“Kawauzeni abwana.”

“Ndikati chiyani? Kuti ndinanama? Ufuna tibwerere ku Chiwaridzo, amayi azikagona pansi pa tebulo?”

Mkazi wanga anayang'ana katani imene anali atangopachika kumene pawindo.

Apa ndi pamene ndinaganiza zopusa, koma pa nthawiyo zinkamveka zanzeru, ndinene zoona. Amayi ankamwa madzi kwambiri, n'kumakodzanso pafupipafupi. Ndiye ndinati, hatchiyi ndikaichepetsera madzi, izikodza pang'ono, matendawo mwina aphwa, ndipo bwana saona kanthu. Inkamwa zidebe zinayi patsiku. Ndinayamba kuipatsa chimodzi. Munali mu Okutobala, dzuwa lija lotentha mpaka malata kulira. Ikakodza, ndinkathamanga ndi fosholo kukwirira ndi mchenga.

Tsiku lachiwiri mkodzo unada, kunandanso kuposa kale. Ndinati, mwaona, matenda akukula. Tsiku lachitatu inasiya kudya. Inkaima miyendo tang'a, kukankha, kungotuluka timadontho, kenako n'kutembenuza mutu kuyang'ana mimba yake. Inkabwera kudzanunkhiza chidebe chouma, n'kundiyang'ana. Ine chakudya sichinkalowanso. Ndinkangowerenga m'mutu katundu wathu, kuti angakwane mu kombi imodzi kapena ayi.

Bwana anaiona masana a tsiku limenelo ndipo anaitana dokotala wa ziweto, mayi wina wa ku Harare. Dokotalayo anafika m'mawa mwake. Anaitsina khungu la pakhosi, khungulo linangotsala chiimire osabwerera. Anaitsegula pakamwa, n'kugwira nkhama. Kenako anatembenukira kwa ine n'kufunsa m'Chishona, “Baba, inomwa mvura yakawanda sei?” Imamwa madzi ochuluka bwanji.

Bwana anali ataima pomwepo, manja m'thumba. Ndikanatha kunena kuti zidebe zinayi. Koma hatchi ija inali itatsamiritsa mphuno paphewa panga, kufunafuna thumba la shuga, ndipo mpweya wake unali wotentha. Ndinaulula zonse. Za shuga, za nyerere, za chidebe chimodzi, za fosholo. Ndi zoti hatchi ndinayamba kuigwira pakhola pomwepo.

Dokotala uja sanaseke, ngakhale ndinaona kuti akudzigwira. Anati mkodzo wa hatchi yabwinobwino umakhala choncho, wambuu ndi wonanda. Anatola kamtengo n'kujambula chikhodzodzo pamchenga. Anati mkati mwake mwayalidwa timaselo ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, ndipo pa timaselo timeneto pali tinthu ta mtundu wa shuga timene timapanga utoto woterera, woteteza mnofu kuti mkodzo usauwotche komanso kuti tizilombo tisamamatirepo.

“Ndiye shuga alimo ndithu?” ndinafunsa.

“Alimo, koma si wa mu tiyi. Inabadwa naye. Wanu uja sanafikeko n'komwe.”

“Nanga nyerere zija, amayi?”

Analoza thumba la ovolosi yanga. Linali lobooka pansi, ndipo nyerere ziwiri zinali pa bondo langa.

Anati chimene chaidwalitsa ndi ludzu, ndipo akanachedwa tsiku lina limodzi, kaya. Anailowetsa paipi m'mphuno, kuthira madzi pang'onopang'ono, n'kuibaya jakisoni. Bwana sanakalipe. Zikanakhala bwino akanakalipa. Anangoti, “Iwe, ikakodza bwino tikambirana. Ikapanda kutero, ukudziwa wekha,” n'kubwerera ku mgodi.

Sindinadikirepo chinthu ngati mmene ndinadikirira mkodzo umenewo. Ndinakhala pa chidebe chovundikira kuyambira m'mawa. Mkazi wanga anabweretsa tiyi wopanda shuga, n'kunena kuti, “Wanu munamwera limodzi ndi bhiza.” Ndinalephera kuseka. Amayi anatuluka ndi ndodo yawo, anakhala pamthunzi wa khola, n'kumapemphera chapansipansi. Hatchi ikasuntha mwendo, tonse dzidzimu. Ikakupiza mchira, tonse dzidzimu. Madala wa maluwa uja anadutsa kawiri osatiyang'ana.

Dzuwa litapendeka, inatambasula miyendo, kukweza mchira, ndipo unatuluka. Wambiri, wautali, mbuu ngati maheu, kunanda chakumapeto, ndendende ngati uja unandiopsa poyamba. Dzanja langa linapita lokha pa fosholo. Mkazi wanga anandimenya pamkono.

“Musakwirire! Asiyeni abwana adzaone okha.”

Bwana atabwera anaima nthawi yaitali akuyang'ana chithaphwicho. Kenako anati ndikhale, koma kanthu kalikonse kachilendo ndizikanena tsiku lomwelo, ndipo ndikadzanamanso kamodzi ndidzanyamule katundu. Ndinavomera ndi manja awiri.

Tinakhala m'nyumba ija zaka zinayi. Zidebe ndinkathira zisanu, china chongowonjezera. Koma mantha aja sanachoke onse. M'mawa uliwonse ndinkaimabe pakhola kudikira kuti ikodze, ndisanapite kukamwa tiyi.