Buku la Takondwa Linali M'sutikesi Yanga

Chizindikiro choyamba ndinachiona ndekha, ndipo ndinachilemba. Linali Lolemba m'mawa, mvula ya Januwale ili pakati, pamene mdzukulu wanga Takondwa, wa miyezi khumi, anakana phala. Mwana ameneyu sakana chakudya. Akaona supuni amayasamula ngati kamwana ka mbalame, ndipo akamaliza chake amaloza changa. Tsiku limenelo anatembenuza nkhope, ndipo pofika masana amake anali atamusintha thewera kanayi. M'kope langa ndinalemba kuti: "Takondwa watsegula m'mimba. Mpopi sunatulutse madzi, lero tsiku lachisanu ndi chimodzi."

Ine ndine munthu wa mapepala. Ndinagwira ntchito ya ukalaliki zaka zambiri pa holoselo ya amwenye ku Limbe, kumene ndinaphunzira kuti chinthu chosalembedwa chimakanidwa mawa. Makalata a ubatizo, a sukulu ndi a malo athu kuno ku Soche ndimawasunga m'sutikesi yachitsulo pansi pa bedi langa. Takondwa atabadwa, buku lake la kusikelo ndi kuchipatala ndinaliikanso momwemo, chifukwa ndinali nditaona buku la mwana wa anzathu litadyedwa ndi makoswe. Tsiku la sikelo ndinkalitulutsa m'mawa, madzulo n'kulibweza. Mpongozi wanga, amake Takondwa, ndinkawauza kawirikawiri kuti munthu wolongosoka sapita kuchipatala wopanda buku.

Lachiwiri kunabwera uthenga wa maliro a mlamu wanga ku Nsanje. Mwana wanga Fatsani, bambo wa Takondwa, amayendetsa lole ndipo anali paulendo wa ku Beira. Mayi a ana anga anatisiya kale. Choncho ndinanyamuka ndekha, kusiya mpongozi ndi mwana pakhomo. Ndinati mwana akapitiriza andiimbire. Kiyi wa sutikesi anali m'thumba la jekete langa monga mwa masiku onse, ndipo sindinamuganizire n'komwe.

Zimene zinachitika ine kulibe ndinazimva pambuyo pake. Lachitatu mwana anayamba kusanza. Lachinayi liwombo linalowa m'kati. Mayi wina woyandikana nafe anati nthenda ya liwombo simva mankhwala a kuchipatala, ndipo anamupaka zakuda pamutu. Wina anati ndi mano chabe akumera. Mpongozi wanga ankafuna kupita kuchipatala, koma buku linali kuchipinda kwanga, ndipo kwathu mkazi salowa kuchipinda kwa apongozi ake aamuna ngakhale chitseko chikhale pululu. Ndikaimba foni ankati, "Aliko bwino pang'ono, bambo," poona kuti n'kupanda ulemu kudzutsa munthu wamkulu pamaliro.

Ndinafika Lachisanu cha m'ma 2 koloko masana. Masiku onse Takondwa akandimva pakhomo amakwawa kudzandilanda chipewa. Tsiku limenelo anali gone pamiyendo ya amake, maso atalowa, milomo itauma. Analira, koma misozi sinatuluke. Ndinafunsa mokalipa chifukwa chimene sanapitire naye kuchipatala. Mpongozi wanga anagwada pansi n'kunena motsitsa mawu kuti, "Buku, bambo. Munati tisamapite opanda buku."

Ndinapisa dzanja m'thumba ndipo ndinakhudza kiyi uja, amene anapita nane ku Nsanje n'kubwera nane. Ndinatsegula sutikesi, n'kutenga buku, ndipo tinanyamuka.

Kuchipatala chaching'ono cha kwathu kuno atangomuona, anatilembera kalata yopita kuchipatala chachikulu m'tauni. Kumeneko tinapeza mzera wa amayi utadzaza mabenchi mpaka panja. Ndinali nditayamba kale kuwerenga mitu ya anthu amene anali patsogolo pathu pamene namwino wina, amene ankayenda m'mzeramo kuyang'ana ana, anaima pa ife. Anatsina khungu la pamimba pa Takondwa, ndipo khungulo linakhala chotukuka osabwerera msanga. Sanatifunsenso zambiri. Anatitsogolera mkati.

Anamuika pasikelo n'kufanizira ndi zimene zinalembedwa m'buku mwezi wathawo. Mwana anali atatsika pafupifupi kilogalamu yathunthu. Namwino uja anatembenuza masamba, n'kundiyang'ana.

"Agogo, buku mwalisunga bwino, loyera ngati logula lero. Koma mwanayu tikanamuona ngakhale popanda buku. Mabuku amagulitsa pageti pomwepa. Mwana sagulitsa."

Kupeza mtsempha woika dilipi kunavuta. Anayesa padzanja, anayesa dzanja lina, mpaka unapezeka paphazi. Dokotala anapukuta zakuda zija pamutu popanda kunyoza munthu aliyense. Anatifotokozera kuti liwombo limalowa chifukwa madzi atha m'thupi, ndipo madzi akabwerera nalonso limabwerera. Anatinso tikanafika tsiku lotsatira, nkhani ikanakhala ina.

Tinakhala m'wodi ya ana masiku asanu. Ana ankagona awiri pabedi limodzi, amayi awo atayala zitenje pansi. Ife aamuna tinkaloledwa kulowa m'mawa, masana ndi madzulo basi. Nthawi yotsalayo ndinkakhala panja pamthunzi ndi fulasiki ya tiyi pamodzi ndi agogo anzanga, aliyense akudikira uthenga wa wake. Madokotala ankayendera odwala cha m'ma 9 koloko, ndipo mpongozi wanga ankandiuza zimene anena, ine n'kulemba. Loweruka kusanza kunaleka. Lamulungu anayamba kulandira madzi a mankhwala a m'paketi, supuni imodzi imodzi, ndipo anayamwa. Lolemba mpongozi wanga, munthu wamanyazi amene sanayambe wandiyang'ana m'maso, anatuluka akuthamanga n'kufuula pagulu kuti, "Bambo, wakodza! Thewera lanyowa!" Sindinaganizepo kuti thewera lonyowa lingandigwetse misozi pa msinkhu wanga uno. Lachiwiri anachotsa dilipi, ndipo nditawerama kuti ndimuone, Takondwa anandisolola cholembera m'thumba la malaya n'kuchiika m'kamwa. Lachitatu tinatuluka, atatipatsa timapilitsi ta zinki ndi mapaketi ena a madzi aja.

Za madzi sindinakhululuke. Mipopi ya kwathu inauma masiku khumi ndi awiri, ndipo ndili ndi tsiku lililonse m'kope. Amayi ankatunga m'khwawa la kunsi kwa phiri, momwe mvula imakokololera za m'zimbudzi. Mwana wobadwira mumzinda, wokhala m'nyumba ya mpopi, kumwa madzi a m'khwawa! Ndalemba makalata atatu kwa oyang'anira za madzi, ndipo makope ake ndili nawo. Yankho sindinalandire, koma ndilembanso.

Koma madziwo anangomudwalitsa mwana. Chimene chinamuchedwetsa masiku atatu ndi kiyi wanga ndi lamulo langa. Fatsani atabwerako anayamba kukalipira mkazi wake kuti akanathyola sutikesi. Ndinamuletsa. Ndinamufunsa ngati iye mwini, wobadwira m'nyumba muno, anayamba waikhudza sutikesiyo. Pamaso pake ndinapepesa kwa mpongozi wanga, ndipo ndinawauza kuti pa nkhani ya moyo wa mwana, m'nyumba muno mulibe chipinda choletsedwa.

Lero Takondwa ali ndi chaka ndi miyezi inayi. Akuyenda, liwombo latsala pang'ono kutsekeka, ndipo kusikelo mzere wake ukukwera. Madzi akumwa timawiritsa kapena kuthira kulorini, mpopi utuluke usatuluke. Amanditchula kuti "gogo" ndipo wang'amba kale masamba awiri a kope langa.

Kwa makolo ndi agogo anzanga ndikuti: mwana akatsegula m'mimba, mupitirize kumuyamwitsa ndi kumumwetsa madzi a m'paketi aja. Akayamba kusanza, kufooka, kapena maso ndi liwombo zikalowa, nyamukani tsiku lomwelo. Musadikire bambo, musadikire apongozi, musadikire pepala. Ndipo inu akuluakulu, yang'anani malamulo amene mumaika pakhomo, chifukwa ana aulemu amawasunga ngakhale pamene sayenera kusungidwa.

Buku la Takondwa tsopano limakhala m'jumbo, pamsomali kuseri kwa chitseko cha pabalaza, pamene aliyense angalifikire. Lili ndi dontho la phala pachikuto, ndipo ngodya imodzi mwini wake anaitafuna. Ndikaliona mtima umandiwawa pang'ono, sindikana. M'sutikesi ndinaikamo fotokope.