Khadi la Kusikelo la Yohane

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu Sitandade 7 pasukulu ina ya pulaimale cha kumpoto kwa Chintheche. Ndinali goloboyi wa timu ya sukuluyo, ndipo kunena zoona ndinkadzimva. Jezi ya goloboyi inali imodzi yokha, yachikasu, yong'ambika kukhwapa, koma ndikaivala ndinkayenda ngati msewu wonse wa M5 ndi wa bambo anga.

Kenako kunabwera Yohane. Makolo ake anachokera ku Thyolo kudzagwira ntchito pa esiteti ya mitengo ya mphira, kumene bambo ake ankachekera mitengo m'mamawa kuti ituluke utomoni. Yohaneyo anali wamtali, wosalankhulalankhula, ndipo Chitonga chathu chinkamupita pambali. Tinkamuseka kuti amanunkha utomoni wovunda. Iye osakwiya, mawa lake n'kutibweretsera mpira wa mphira wokulunga yekha, wodumpha ngati wamisala. Pa mpira wotero ndi pamene anaphunzirira kugwira. Tsiku loyamba kuima pagolo anagwira mapenate atatu motsatizana.

Mphunzitsi wathu wa zamasewera anali a Kachingwe, ochokera ku Dedza, munthu wosakonda kukweza mawu. Akakwiya ankangozunguliza chingwe cha wezulo ku chala mpaka chala kutuwa. Iwo anatiuza kuti kukubwera mpikisano wa ana osapitirira zaka khumi ndi zinayi, ndipo kudzakhala anthu ochokera ku Mzuzu ofuna osewera oti akawaphunzitse sukulu mwaulere. Tinalipo ambiri, majezi ochepa. Lachisanu lotsatira ankayenera kutchula otsala ndi ochotsedwa.

Sabata imeneyo mwera unaomba osaleka. Pakati pa nyanja pankaoneka mitambo ya nkhungu, tizilombo tija timakwera ngati utsi wa nyumba yomwe ikupsa. Tsiku lililonse inkasendera kufupi ndi mtunda. Ine ndinkaiyang'ana ndili kumbuyo kwa golo, chifukwa pagolo penipenipo tsopano pankaima Yohane.

Lachiwiri ndinatsalira anzanga atapita. A Kachingwe ankapinda ukonde wakale wa usipa umene tinkamanga pagolo.

“Sala,” ndinatero, “Yohane ujatu ndi wamkulu. Ali ndi zaka sikisitini. Anandiuza yekha.”

Yohane sanandiuzepo kanthu. Mawuwo ndinawapeka ndikumanga zingwe za nsapato. Aphunzitsi anandiyang'ana nthawi yaitali, chingwe chija chikuzungulira ku chala.

“Watsimikiza, Manda?”

“Eya, sala.”

“Chabwino. Koma udziwe kuti chimene ndifunsa mwana mmodzi, ndifunsa ana onse.”

Sindinamvetse mpaka mawa lake, pamene analengeza kuti aliyense abwere ndi khadi lake la kusikelo, lija amalembapo tsiku lobadwa. Kwathu kuno zaka za mpira zinkayenda mwa chizolowezi chake: ukakhala wamfupi, wopanda ndevu, ndiye kuti uli ndi zaka khumi ndi zitatu mpaka kalekale. Ine ndinali wamfupi, koma ndinkadziwa bwino kuti ndinakwanitsa khumi ndi zisanu nthawi ya dzinja.

Amayi anga ankasunga makhadi athu m'chitini cha mabisiketi. Ndinawapempha kuti akauze aphunzitsi kuti langa linadyedwa ndi chiswe.

“Ine nikanamize asambizi chifukwa cha bola, mpira chabe?” anatero, akufinya chinangwa chovuula m'madzi. “Tenga khadi lako, uluteko kusukulu.”

Lachisanu nkhungu zija zinafika. Zinadzaza bwalo lonse, kulowa m'maso ndi m'kamwa, dzuwa n'kuchita mdima masana. Tinaima pamzere makhadi ali m'manja, majezi ataunjikidwa pa udzu. A Kachingwe ankawerenga khadi, n'kupereka jezi kapena kuloza pansi pa mtengo wa mango. Anayi analozedwa kumtengo ine ndisanafikidwe, ndipo onse anandiyang'ana ngati akudziwa kumene moto unayambira. Langa analiwerenga kawiri. Kenako anangoloza kumtengo.

Ndinakhala pansi ndi manyazi, komabe ndinkati chilango chathera pa ine. Womaliza anali Yohane, ndipo m'manja mwake munalibe kanthu.

“Khadi langa linatsala kumudzi kwa azakhali, sala. Bambo atumiza uthenga. Ndili ndi zaka khumi ndi zitatu.”

“Ndikukhulupirira,” anatero a Kachingwe, mawu awo ali pansi. “Koma pali amene wakudandaula, ndipo mayina akupita lero kwa okonza mpikisano. Anzako asanu ndawachotsa ndi pepala. Sindingakusiye iwe ndi pakamwa pokha.”

Yohane sanafunse kuti wodandaulayo ndani. Anayang'ana jezi yachikasu ija, kenako anabwera kudzakhala pambali panga, n'kundipukuta nkhungu paphewa. “Pepa, mnzanga,” anatero. “Nawenso akuchotsa.”

Apa ndi pamene ndikanaimirira n'kunena kuti ndinanama. Aphunzitsi anali chiimire, akundiyang'ana, dzanja lili pa jeziyo. Ndikukhulupirira kuti ankandidikira. Ndinaweramitsa mutu, ndipo jezi inapatsidwa kamnyamata ka Sitandade 5 kamene manja ake sankafika pamtanda wa golo.

Za zigoli zimene tinamwetsedwa pa mpikisanowo sindinena. Khadi la Yohane linafika patapita masabata atatu, ndipo linasonyeza zaka khumi ndi zitatu, monga ananenera. Anthu a ku Mzuzu anali atatenga kale goloboyi wa sukulu ina. Chaka chotsatira Yohane sanabwererenso m'kalasi.

Kwa zaka zambiri ndinkaimba mlandu a Kachingwe, kuti lamulo lawo linali louma mtima. Lero nanenso ndimaphunzitsa ana mpira, ndipo ndikudziwa kulemera kwake kouza mwana kuti alibe malo. Mwina akanatha kudikira, sindikudziwa. Koma iwo anayeza tonse ndi muyeso umodzi, wa pano ndi wobwera yemwe. Chokhota pa tsikulo chinali chimodzi chokha, ndipo chinachokera pakamwa panga. Amati choipa chitsata mwini, koma saonjezera kuti popita kwa mwiniyo chimaponda ena panjira.

Ndikamapita ku boma pa minibasi, timadutsa m'mitengo ya mphira muja, mmene anthu amaimika mipira yawo m'mwamba kuti apaulendo agule. Tsiku lina ndinamuona Yohane, tsopano bambo wamtali, mipira itatu ili m'dzanja limodzi. Anandizindikira, namwetulira, n'kufuula kuti, “Goloboyi!” Mpaka lero sakudziwa kuti ndine ndinamunamizira. Ndinakweza dzanja, minibasi n'kupitirira.