Kompyuta ya ku Kanyama ndi Bwana Wokonda Kusuzumira

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza kudzera mwa mayi wina wa mpingo wathu ku Matero. Amuna awo anali dalaivala pakampani yogulitsa ufa, mafuta ophikira ndi sopo, imene kale inali ya boma koma inagulitsidwa m'zaka zija zinthu za boma zinkapita ngati tomato wa pamsika. Anamva kuti kukufunika mtsikana wodziwa kompyuta, ndipo ine ndinali nditangomaliza kosi ya miyezi isanu ndi umodzi m'tauni. Atate, amene anachoka ku Dedza ali mnyamata kudzaphikira azungu, anandisitira okha bulauzi ya tsiku loyamba.

Kampaniyo inali ndi madepoti atatu, ku Chawama, ku Mtendere ndi ku Kanyama. Iliyonse inali ndi kompyuta imodzi, waya wa foni ndi modemu, kabokosi kolumikiza kompyutayo ku wayawo. M'makompyutawo munali pulogalamu yolowera uli kutali. Ukaimba nambala ya depoti uli ku ofesi yaikulu, modemu inkalira ngati mphaka wopondedwa mchira, kenako sikirini ya kudepoti inkaonekera pa yako, n'kumayendetsa mausi ngati uli komweko. Ine ntchito yanga inali kukonza zovuta mwa njira imeneyi.

Bwana wanga anali ba Chanda. Anali ndi tayi, mimba ndi masatifiketi asanu pakhoma, koma sindinawaonepo atagwira sikuludilaiva. Vuto lililonse mankhwala ake anali amodzi: zimitsani, yatsaninso. Likakana, ankafunafuna munthu womuloza chala.

Mvula itayamba, kompyuta ya ku Kanyama inadwala. M'mawa inkayenda bwino. Pofika masana inkakwawa, kenako n'kutulutsa uthenga woti memore yatha, basi n'kuuma. Memore ili ngati tebulo limene kompyuta imayalapo zimene ikugwira nthawi imeneyo. Likadzaza, palibe chimayenda. Ikauma choncho, mapepala otulutsira katundu sankasindikizika, ndipo amalonda ankaima pamzere ndi mawilibala awo mpaka kutukwana.

Ba Chanda anagula memore ina kushopu ya mlamu wawo, nandituma kukaiika. Kompyuta inangosintha nthawi yofera, kuchoka 1 koloko kupita 3 koloko. Atatero anapeza wolakwa: ba Ireen Zulu, kalaliki wa depotiyo, mayi wamasiye wa ana atatu amene anayamba ntchito kampani ikadali ya boma.

"Aba banthu ba mu komboni, kompyuta baiona monga TV," anatero ba Chanda, ngati kuti iwo sanakulire m'komboni ya George. Anati mayiyo amatsegula masewera a makadi, ndipo analemba kalata yoti achotsedwe ntchito. Kalatayo inkayenera kufika kwa mwini kampani Lachisanu.

Lachitatu ndinapempha kuti ndikakhale kudepotiko tsiku lonse. Anandilola monyinyirika. Minibasi inanditsitsa patali chifukwa msewu unali utasanduka dziwe, ndipo ndinafika nsapato zili m'manja, matope mpaka m'maondo.

Ba Ireen anandipatsa madzi osambira mapazi, kenako anandiyang'ana. "Mwana wanga, bakutuma kuti uone kuipa kwanga?"

Ndinawauza kuti ndabwerera kompyuta, osati iwo. Anandifotokozera kuti amatsegula pulogalamu imodzi yokha, ya katundu, ndipo masewera a makadi sadziwa ngakhale pomwe ali. Anawonjeza kuti mausi imakonda kuyenda yokha kangapo patsiku, koma sankadandaula chifukwa ankaganiza kuti ndine ndikukonza zinthu. Ine ndinali ndisanalowe m'kompyutayo kwa mlungu wathunthu.

Ndinatsegula mndandanda wa mapulogalamu amene akuyenda, pomwe pamaoneka memore imene iliyonse yatenga, n'kuyamba kulemba m'kope theka la ola lililonse. Poyamba pulogalamu yolowera kutali inalipo imodzi, yaing'ono. Itakwana 9 koloko modemu inalira. Mausi inayamba kuyenda yokha, kutsegula mafoda a ba Ireen limodzilimodzi. Mvula inawaza, foni inaduka. Patapita mphindi zochepa modemu inaliranso. Nditayang'ana pamndandanda, pulogalamu zija zinalipo ziwiri.

Apo ndinamvetsa. Waya wa foni ukanyowa unkaduka mwadzidzidzi, ndipo pulogalamuyo sinkadziwa kuti mlendo wapita. Inkakhalabe yotsegula, itagwira chithunzi chonse cha sikirini ndi mitundu yake yonse, kudikira munthu amene sadzabwera. Munthuyo akaimbanso, inkatsegula ina pambali pake. Pofika masana zinali zisanu ndi zinayi, ndipo kompyuta inali itayamba kale kukwawa.

Pulogalamuyo inkasunga fayilo yolemba aliyense wolowa ndi nthawi yake. Ndinaitsegula. Kuyambira pamwamba mpaka pansi, milungu itatu yonse, kupatula langa la apo ndi apo, dzina linali limodzi. Ba Chanda, atakhala pampando wawo wozungulira, ankathera tsiku akusuzumira mayi wamasiye kuti amugwire akusewera makadi, ndipo kusuzumira kwawoko ndi kumene kunkapha kompyuta.

Kukonza kwake sikunatenge nthawi yaitali. Ndinatseka zakufa zonse zija. Ndinatchera pulogalamuyo kuti foni ikaduka kwa mphindi ziwiri izidzitseka yokha, ndiponso kuti izilola munthu mmodzi yekha panthawi imodzi. Ndinachepetsa mitundu ya chithunzi chimene imatumiza, n'kuchotsa chithunzi cha maluwa chimene chinali kumbuyo kwa sikirini. Kompyuta inagwira ntchito mpaka nthawi yoweruka osatsokomola. Ba Ireen sanafunse zambiri. Anangondifunsa ngati vuto linali iwo, ndipo nditati ayi, anakhala pansi kaye asanatseke chitseko.

Lachinayi ndinaika kope ndi pepala la mayina a olowa, limene ndinasindikiza kudepoti, patebulo la ba Chanda. Anawerenga mpaka kumapeto, nandifunsa ngati pali wina amene waona. Ndinati palibe.

"Iwe, kosi yako ni ya miyezi sikisi chabe," anatero, akupinda pepalalo n'kuliika m'thumba la jekete. "Osazimvera monga ndiwe katswiri."

Lachisanu ndinali pamsonkhano kuti ndilembe zokambirana. Ndinawamva akuuza mwini kampani kuti atafufuza mozama apeza chilema m'pulogalamu ya azungu, ndipo achikonza okha. Mwini kampani anawagwira chanza. Za kalata ija sanatchule, ndipo ba Ireen anakhalabe pantchito, ngakhale palibe anawapepesa. Ine mphoto yanga inali miyezi iwiri yopukuta fumbi m'mapulinta, ndi lamulo loti ndisapondenso kudepoti iliyonse popanda chilolezo cholembedwa.

Ndinakhalapo chaka ndi theka, kenako ndinapeza ntchito kwina. Mpaka lero munthu waudindo akandiitana n'kunena kuti wantchito wake waononga kompyuta, ndimavomera mwaulemu. Ndikatero ndimakakhala pambali pa wantchitoyo, kumufunsa zimene amaona, n'kutsegula fayilo ya olowa. Dzina limene ndimayamba kufufuza ndi la amene wandituma.