Kanema wa msana wa abambo

Mlongo wanga, mzime wa m'banja mwathu, ali ndi nthenda imodzi: akakonda chinthu, mudzi wonse uyenera kuchidziwa. Chaka chimene abambo anayamba kuvutika ndi mtima, iye anali atapenga ndi kakanema kotsatsa gemu inayake. Gemuyo anali asanaisewerepo, ndipo foni yake sikanaikwanitsa n'komwe. Anali ndi kakanema kokhako, kamene anakatenga kwa mnzake wotchaja mafoni pa Malomo, ndipo anandionetsa mpaka ndinakaloweza ngati katekisimu.

Kankayamba ndi mdima, belu likulira chapatali. Kenako pankaoneka lupanga lozikidwa pansi, akhwangwala akuuluka, ndi chimunthu cha mapewa aakulu chikulowa m'nkhungu pang'onopang'ono, chitatifulatira. Mlongo wanga ankaimitsa paliponse n'kumandiphunzitsa, ine mphunzitsi wa ana a anthu. Ankati kamera aiika pansi dala kuti munthuyo aoneke ngati phiri. Mitundu aichotsa kuti dziko lioneke lodwala, n'kusiya kansalu kofiira kokha, chifukwa kofiirako ndiko kamoyo kamene katsala. Lupanga lozikidwa likutanthauza kuti nkhondo yaima kaye koma sinathe. Nditafunsa chifukwa chimene munthuyo sationetsera nkhope, kaya ndi manyazi kaya ndi zipere, anandiyang'ana mondimvera chisoni. Anati nkhopeyo ndiye katundu amene akugulitsa, ndipo akaionetseratu palibe adzagule gemu.

Zonsezi ndikanazipirira ndikanapanda kumufuna mnyamatayo. Abambo anali atangotuluka m'chipatala ku Mtengowanthenga, atauzidwa kuti asiye mchere ndi ntchito zolemetsa, ndipo zonse ziwiri sanasiye. Ndili m'minibasi kubwerera kusukulu kwanga cha ku Dzoole, ndinazindikira kuti tinalibe chilichonse chosunga mawu awo. Zithunzi zinalipo ziwiri: cha pachitupa, pomwe akuoneka ngati awagwira ndi mbuzi yakuba, ndi china cha paukwati, atatsinzina ndi dzuwa. Koma abambo enieni anali munthu woseka ndi nkhope yonse, mpata wa pakati pa mano awo uli poyera, ndiponso ndi iwo ankayambitsa nyimbo kutchalitchi kwathu kuyambira ine ndisanabadwe. Ndinkafuna chinthu chapafupi: akhale pampando pakhonde, ayang'ane kamera, aimbe, aseke, kuti ana anga adzakhale nacho. Foni yanga inali yosweka galasi, inkajambula munthu ngati ali m'madzi otsukira mpunga. Ya mlongo wanga inkajambula bwino, choncho ndinamupempha, iye n'kuvomera msanga. Pamenepo pomwe ndikanayenera kukayika.

Ndinapita kumudzi m'nyengo yozizira, anthu akukumba mtedza. M'mawa mwake ndinatulutsa mpando, ndinasesa pakhonde, amayi n'kusita malaya oyera a abambo. Mlongo wanga anadutsa mpandowo ngati sanauone. Anawaveka abambo chijasi chakale chimene amapita nacho kudimba, anatenga duku lofiira la amayi osapempha n'kulimanga pampini wa khasu, ndipo anatitsogolera tonse kumunda wa kumtunda, kumene nkhungu ya kumapiri a Ntchisi imachedwa kuchoka.

Zimene ndinaona kumeneko sindinazionenso kwina. Mnyamata wa ndevu zake anagona chafufumimba m'mizere, foni ili pafumbi, akulamula bambo ake omubereka kuti ayende, aime, abwerere, ayendenso koma pang'onopang'ono. Anazika khasu pamzere n'kulizungulira chokwawa. Anajambula nsapato zawo, chithunzithunzi chawo, manja awo akuthothola mtedza, ngakhale utsi wotuluka m'kamwa mwawo chifukwa cha chisanu, koma nawonso anaujambulira kumbuyo. Anandituma kukagenda mumtengo kuti akhwangwala auluke, ndipo ine, mayi wa ana, ndinagendadi. Munauluka njiwa ziwiri, iye n'kudandaula kuti njiwa zikupereka uthenga wolakwika.

Chimene chinandipsetsa mtima koposa n'chakuti abambo zinkawasangalatsa. Ndikati munthu wodwala mtima sakwera chitunda kangapo, iwo ankandiuza kuti ndimusiye mwana agwire ntchito yake. Anafika pomufunsa ngati chijasi chikuuluka bwino ndi mphepo.

"Nanga nkhope, iwe? Nanga nyimbo?" ndinamufunsa.

"Asisi, kuona maso a nkhono n'kudekha," anayankha osandiyang'ana. "Ichi n'chotsatsa chabe. Filimu yeniyeni tidzajambula mukadzatsekera sukulu, mpando wanuwo udzakhalamo."

Ndinamukumbutsa kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, koma ndinkalankhula ndi munthu woti makutu ake ali m'foni. Pomaliza penipeni anawaitana abambo ali chapatali. Iwo anatembenuka, anamuona mwana wawo ali mbuu ndi fumbi ngati mbewa yofukulidwa, ndipo anaseka kuseka kwawo kuja mpaka kugwira m'mimba. Foni inali itawaloza, ndinaona ndi maso angawa. N'chifukwa chake ndinakwera minibasi mtima uli m'malo, ndikudziuza kuti nyimbo yalephereka koma nkhope ndiye tayipeza.

Kanemayo anandipeza ndili m'chipinda cha aphunzitsi. Ankayamba ndi mdima, kenako kulira kwa chitsulo cha gudumu la galimoto chimene timaimba ngati belu kutchalitchi kwathu. Munda wathu unali wotuwa ngati phulusa, duku la amayi lokha likuwala pakhasu. Abambo ankaoneka aatali kuposa mmene analili, akukwera chitunda, nkhungu ikuwameza pang'onopang'ono. Sindinama, anali kanema wokongola, ndipo zimenezo zinangowonjezera mkwiyo wanga. Kumapeto anayamba kutembenuka. Linaoneka khutu, kenako m'mbali mwa tsaya, basi mdima bii, ndi mawu oyera akuti ikubwera posachedwa.

Ndinamuimbira nthawi yomweyo. Anandifotokozera modekha, ngati akulankhula ndi mwana wa sitandade wani, kuti luso lonse lagona pamenepo: umadula pomwe woonera akufunitsitsa, kuti atsale ndi njala. Ndinamuuza kuti ine sindine kasitomala, ndine mwana wa munthuyo, ndipo njala imeneyo akadyetse anzake a pa Malomo. Ndinawonjezera mawu ena osayenera mphunzitsi, mpaka ahedi anasuzumira pakhomo. Mlongo wanga anangoti anzake onse kanemayo amukonda. Azimayi ena a mumphakati mwathu ataona kanemayo, poti analibe mitundu ndipo belu linkalira, anapita kwa amayi kukafunsa ngati kwagwa zovuta. Mlongo wanga anati chimenecho n'chizindikiro choti kanemayo wagwira mitima.

Sukulu tisanatsekere, abambo anagwa ali kudimba. Moyo unatsala, koma mbali imodzi ya thupi inafa, kamwa linakokekera kumbali, ndipo mawu anapita. Akafuna kuseka tsopano, theka la nkhope limakana. Amayesa kung'ung'udza nyimbo, koma ngakhale amayi sadziwa kuti ndi iti.

Titabwera nawo kunyumba kuchokera kuchipatala, ndinamukokera mlongo wanga kuseri kwa chigafa. Sindinakalipe. Ndinamupempha bwinobwino kuti anditumizire zimene anadula zija, pamene abambo anatembenuka n'kuseka, zosakonza, ngakhale zikhale zogwedera. Anayamba kukumba dothi ndi chala cha kuphazi. Kenako anati foni inadzaza, ndiye zotsala zonse anafufuta, poti ankadziwa kuti tidzajambulanso. Nditafunsa chimene chinali chofunika malo chotero, anati a gemu aja anatulutsa kakanema kachiwiri, kotalikirapo.

"Ndiye m'kachiwiriko, munthu wako uja watembenuka?"

"Ayi, asisi."

Ndinamusiya pomwepo, chifukwa ndikanatsegula pakamwa tikanasonkhanitsa mudzi. Mkwiyo umenewo ndikadali nawo, ndipo sindinayesepo kuubisa. Iye anapita nayo foniyo kwa okonza pa Malomo, anafika nayo mpaka ku Lilongwe, koma onse anamuuza kuti zofufutazo zinapita. Gemu ija sanaitchulenso. Masiku ano ndi iye amawasambitsa abambo ndi kuwameta ndevu, ndiye nkhope imene anaikana ija amaiona pafupi kuposa tonsefe.

Chodabwitsa ndi amayi, amene kale ankati foni ndi chida cha alesi. Ndikapita kumudzi ndimawapeza pakhonde masana, abambo ali pampando pambali pawo, akumuuza mlongo wanga kuti awaikire kanema uja. Tsiku lina ndinawafunsa chimene amaonamo, poti ndi msana wokhawokha. Anandiyankha kuti msana umenewo akuudziwa bwino kuposa ine, chifukwa kuyambira pamene analowa m'banja, popita kumunda ndi kutchalitchi, abambo ankatsogola iwo ali pambuyo. Anati kayendedwe kake ndi komweko, phewa lamanzere lotsikirako pang'ono, ndipo mwanayo sananame.

Ndinaonera nawo. Abambo a m'foni anakwera chitunda ndi miyendo yawo iwiri, abambo a pampando akuyang'anitsitsa osaphethira. Pamene khutu lija linayamba kuoneka, amayi anapendeketsa mutu wawo kumbali, ngati munthu wosuzumira kuseri kwa chitseko, ndipo mdima unawapeza ali chomwecho. Anamupatsa mlongo wanga foni n'kumuuza kuti abwezenso poyambira, iye anabweza osadzutsa maso.