Malisiti a M'bokosi la Nsapato

Chaka changa choyamba kulipira msonkho ku South Bend, ku America, ndinkasunga malisiti m'bokosi la nsapato: ndalama zotumiza kwa amayi ku Dedza, fizi ya ana a mlongo wanga, chipepeso cha maliro atatu. Ndinamva kuti zopereka salipirira msonkho. Choncho ndinakana standard deduction, ndalama imene boma limangochotsera aliyense osafunsa, n'kulemba zanga chimodzichimodzi.

Chaka chotsatira ndinapita nalo bokosilo ku Indianapolis, kwa mayi wina wa kumpingo amene amathandiza anthu kudzaza mafomu. Ataona malisitiwo, nkhope yawo inagwa.

"Achimwene, kuno kuthandiza amayi anu si chopereka. Chaka chatha munalembanso zimenezi?"

Ndinavomera ndi mutu. Ndinali nditasayina kuti zonse n'zoona, ndipo mapepala anga okhalira kuno anali asanatuluke.

Tinakonza fomu yakaleyo, ndinabweza zoyenera kubweza. Komabe kwa miyezi yambiri, envelopu iliyonse ya boma ndinkaitsegulira m'galimoto, kuti mkazi wanga asaone.

Ku Dedza ndimatumizabe mwezi uliwonse. Koma pa fomu ndimangosankha standard, ngati munthu wopanda abale.